Mawu Asiyeni, Bola Kamera Iyake

Mzere wa kwa wokonza makompyuta sunkasuntha. Bambo ena aimvi anakhala pabenchi atafungatira laputopu ngati khanda lodwala, mpaka mayi amene anayandikana nawo analephera kupirira.

"Yatani, bambo?"

"Mphwanga anaifufuta yonse n'kuikamo sisitimu yatsopano. Kuyaka ikuyaka, koma intaneti sikuiona, mawu zii, kamera mdima wokhawokha."

"Pepani, yanga inateronso. Yasowa madalaivala, timapulogalamu toikumbutsa kuti ili ndi maso ndi makutu."

"Timapezeka kuti?"

"Pa intaneti."

"Ha! Intaneti yomwe sikuionayo?"

"Tiibwereka ya pafoni yangayi, idutse pachingwe. Tsegulani. Tiyambe ndi wayifayi, kenako mawu."

"Mawuwo asiyeni, mayi. Bola kamera iyake."

"Simufuna kumva amene mukucheza naye?"

"Mwana wanga samva, ndipo salankhula ndi pakamwa. Anakwatiwa kutali. Timacheza ndi manja, koma pakafoni kanga zala zake sindiziona, maso anatha awa. Wandilembera kuti ali ndi nkhani, koma akuti si yolemba, mpaka andione nkhope."

"Iii, nkhani yofuna nkhope? Bambo, konzekani, mukhala agogo! Taonani, yayaka. Imvi zanu izo."

Bambowo anakhazika laputopu pamaondo n'kukweza manja onse awiri, n'kuyamba kupindapinda zala.

"Nanga mukutani? Simunamuimbiretu."

"Ndikuyeserera, mayi. Mawu akuti mdzukulu sindinawanenepo ndi manja. Ndisakachite chibwibwi pamaso pake."