Mudzi Wobwereka

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale nonse, moni m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma mundipirire. Pamsika ndimayankhula, nonse mukudziwa pakamwa pa amake Rozina ogulitsa milamba, koma pano ndi pena.

Ambiri mumati ndine wa ku Nsanje. Ena munamva zoona pamaliro a amuna anga paja, ena munangomva za m'maluwa, ndiye lero mumve kwa mwini wake. Ine sindinabadwire m'dziko muno. Ine ndi malemu amuna anga, a Zuze, tinabadwira kutsidya kwa Shire, ku Mozambiki. Tinawoloka pa bwato, Rozina ali kumsana. A Zuze atapeza ntchito ya ulonda ku Limbe, abwana awo anatithandiza kupeza chikalata chotilola kukhala kuno moyo wathu wonse. Sitinali ozemba ayi, chikalata chinalipo. Koma chinkanena kuti ndife alendo ololedwa, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Tsiku lomwe tinalowa mpingo uno, alembi anatifunsa mafunso atatu aja amene Mmalawi aliyense amayankha ngakhale mutamudzutsa kutulo: mudzi, mfumu, boma. A Zuze anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenaka anatchula mudzi wina wa ku Nsanje kumene tinangogonako masiku awiri podutsa. Mudzi wobwereka! Alembi analemba, ine ndili pompo, osatsutsa. Bodza m'buku la mpingo, amayi inu!

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale m'malo. Chikalata ndinachisokera mumtsamiro. Khadi la chipani ndinkagula chaka chikangoyamba, kumisonkhano ndinkakhala kutsogolo, kuvina ndinkavina kuposa eni dziko. Sindikudandaula ayi, musandimve molakwa, ndikungonena kuti ndinkavina ndi mantha. Nkhondo itakula kwathu kuja, othawa akudzaza m'misasa, pamsika panamveka mphekesera zoti onse a kutsidya adzatengedwa nawonso. Kaya zinali zoona kaya zabodza, ine sindidziwa. Koma galimoto la boma likangoima pafupi, ine milamba ndinkaisiya pomwepo, uyo kuseri kwa mabenchi. Nanga ana anga anayi, atatu obadwira ku Mbayani konkuno, ndikanawasiyira yani?

Kenaka a Zuze anadwala chifuwa n'kutisiya. Inu a mpingo munachita zonse monga mwa mwambo: munthu wa m'tauni akamwalira amakagona kwawo. Ine ndili pa siwa mutu sukugwira, a Kachingwe awo akhala kutsogolowo, mkulu wa mpingo, amenenso ali wapampando wa chipani kudera kwathu, anatsegula buku, anapeza mudzi uja, anafuna lole. Sanandifunse. Andifunsirenji zolembedwa kale? M'mawa bokosi linakwezedwa, amayi anakwera, nyimbo inayamba, ine anandikhazika pafupi ndi bokosi.

Dalaivala ataliza injini, ndinaona zonse ngati zachitika kale. Tifika, eni mudzi atuluka, afunsa, “Maliro a yani? Mwana wa yani ameneyu?” Adzukulu sakumba manda a munthu wosamudziwa. Amuna anga abwezedwa padzuwa la kuchigwa lija ngati katundu wosochera. Koma ndikatsegula pakamwa, ndinena pamaso pa yani? Pa wapampando! Kuno moto, uko moto. Mtembo wa a Zuze uku, ana anga uku.

Lole itayamba kuyenda ndinaimenya ndi manja. “Imani! Imani!” Amayi ankayesa ndi chisoni chabe. A Nachisale awo anandigwira m'chiuno, ine ndinawakankha mpaka anagwera anzawo. Amayi, mpaka lero sindinapepese, ndikupepesa pano. Ndinatsika, ndinagwada pafumbi pamapazi pa a Kachingwe.

Ndinati, “Bambo, kumudzi kumeneko sakutidziwa. Tinanama. Ndife a kutsidya, ndipo mudzi wathu weniweni sindikudziwa ngati ukadalipo.”

Nyimbo inaduka. A Kachingwe anavula chipewa, anayang'ana mkati mwake, anachivalanso. Anangoti, “Tsitsani bokosi.” Basi, mawu awiri. Madzulo ake a Zuze anaikidwa m'manda a konkuno.

Abale, masabata atatu otsatira sindiwafunira munthu, ngakhale mdani wanga. A Kachingwe osandiyankhula, tikakumana panjira kungogwedeza mutu. Ndinamanga mtolo wa zovala n'kuuika kuseri kwa chitseko. Ndinamuonetsa Rozina kumene ndimapikula milamba ndi amene amaba pa sikelo. Kudya osadya, kukhala pansi osatha, ndingotuluka, ndingolowa, ndingotulukanso. Pemphero linkandikanika. Ndinkangoti, “Ambuye, ana. Ambuye, ana.”

Tsiku lina masana, ngo ngo ngo pachitseko. A Kachingwe. Anati, “Mawa muvale bwino, mutenge chikalata chanu, tikupita kutauni.” Mumtima ndinati, eya, zakwana. M'mawa ndinatsanzika ana mmodzimmodzi. Tinayenda wapansi kuchokera ku Mbayani, iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Tinalowa mu ofesi ya boma. A Kachingwe anauza kalaliki kuti, “Mayi awa akhala nafe zaka zambiri, chikalata chawo ndi ichi. Akufuna kukhala nzika ya dziko lino.”

Ine kukamwa yasa! Nzika? Abale, ine sindinkadziwa n'komwe kuti khomo limeneli lilipo. Ine ndi a Zuze ofesi tinkailambalala, zaka zonsezi tikubisala pamene tikanangogogoda. Kalaliki anati pakufunika nzika ziwiri zondidziwa bwino zoti zindiikire umboni. A Kachingwe anasaina pomwepo. Wachiwiri mukumudziwa? Amene mawa lake anavala nsapato zawo za Lamulungu n'kupita kukasaina ndi a Nachisale omwe ndinawakankha aja.

Pobwerera, pakamwa pangapa sipanapirire. Ndinati, “Koma bambo, masabata atatu osandiyankhula, mumafuna ndife ndi mtima?” Iwo anati, “Ndinakwiya, mayi. Zaka zonsezi ndikudya milamba yanu, inu mukundinamiza. Ndimadikira mkwiyo uphwe, ndingasaine ndi dzanja loipa.”

Musaganize kuti zinatha tsiku lomwelo. Ndinayenda, abale. Kujambulitsa, kudinda zala, kufunsidwa mafunso, kudikira yankho. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Ndikaona munthu wanyamula envulopu, mtima phaa! Mtolo uja sindinaumasule, unangokhala kuseri kwa chitseko mpaka mbewa zinaberekeramo.

Lachiwiri lapitali anandiitana. Ndinakweza dzanja, ndinalumbira, anandipatsa pepala ili. Nali, lionetsetseni! Ine kuwerenga ndimachita kugwiragwira, koma Rozina wandiwerengera kasanu. Akuti ndine Mmalawi. Nditafika kunyumba ndinamasula mtolo, ndinachapa zonse, ndinayanika panja anthu akuona, kenaka ndinagona masana dzuwa likuswa mtengo, tulo tomwe sindinagonepo chiwolokere Shire.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditsitsa m'lole muja. Ndinkaopa kuti choonadi chindilanda ana, koma ndi chimene chandisiya nawo. Zikomo a Kachingwe, zikomo a Nachisale, zikomo mpingo wonse.

Tsono ndili ndi pempho limodzi. Alembi, buku lija lili patsogolo panupo. Fufutani mudzi wobwereka uja, eni ake atenge. Lembanipo Mbayani. Ndipo tsiku langa likadzafika, a Kachingwe, musadzavutike kufuna lole. Mudzangondinyamula pamapewa, amuna anga agona pafupi pompa.

Amayi, mwakhaliranji chete? Imirirani, nthungululu zimveke, mukondwere nane! Aleluya!