Satifiketi Yathu Yokhayo Ikupita ku Nkope

A wapampando a bodi ya bungwe lathu, bambo Zubair. Mayi oimira khoti. A Shehe ndi abusa. Che Atumani, amuna awo a Mayi Zakia amene tikutsanzikana nawo lero pamene akupuma pantchito, pamodzi ndi ana ndi adzukulu. Anzanga a mu ofesi. Nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kubwera kuno, asalamu alaikumu, moni nonse.

Ine ndine Eduardo. Tebulo langa lakhala moyang'anizana ndi chitseko cha Mayi Zakia zaka zambiri. Andiuza kuti ndisatalikitse chifukwa mpunga wapsa kale. Ndiyesetsa, koma sindikulonjeza.

Alendo ena mwina simudziwa ntchito yathu. Ife timathandiza anthu amene banja lawo likutha. Sitiweruza ayi. Timakhala nawo pansi kuti alekane osavulazana, agwirizane za ana, za nyumba, za bwato ndi ukonde, kenako aliyense ayambe moyo wake. Amene anatsegula chipinda cha ulangizi umenewu ndi mayi awa.

Lero mukawaona mungaganize kuti anabadwa akudziwa zonse. Bodza! Afunseni za ku Chembe. Ali atsopano pantchito anawatuma kwa msodzi wina amene mkazi wake ankafuna kuchoka. Anafika, n'kupeza bambo ndi mayi atakhala pakhonde. Dzina sanafunse n'komwe. Anangoyamba ulangizi. M'mawa wonse! Anawagwiranitsa chanza. Anawagulira Fanta imodzi kuti amwere limodzi. Mayiyo akungomwetulira, bamboyo akungovomera zonse. Mayi Zakia mumtima akuti, lero ndagwira ntchito. Akutsanzika, kuseri kwa nyumba kunatuluka mayi wina, katundu ali kale pamutu. Anati, "Mwamaliza ndi mkazi wamng'onoyo? Wochoka ndine."

Che Atumani, musaseke kwambiri. Mubwerera nawo kunyumba ndinu.

Nanga lichero lija? Aliyense wolowa m'chipinda chawo amasiya foni m'lichero pakhomo. Tsiku lina analanda foni ya a wapampando omwe, chonsecho anangobwera kudzapereka moni. Ndiye tiyi wawo wa jinja, wowawa ngati mankhwala. Amati munthu satukwana mnzake pakamwa pakuyaka moto. Ine ndamwa tiyi ameneyu zaka zonsezi ngakhale banja langa lilibe mlandu.

Tsopano ndinene zimene zandilemera mumtima. Nkhani iyi amaifotokoza okha kwa aliyense wolowa ntchito. Nanenso anandifotokozera tsiku langa loyamba, ndipo andilola kuti ndiinene pano.

Kale ankagwira ntchito monga timachitira kumudzi. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pamkeka, ndipo olankhula ndi iwowo. Eni banja amangowerama. Ankhoswe akati zatha, ndiye kuti zatha. Kunabwera mtsikana wina, timutche Naima, si dzina lake lenileni. Amalume ake anati nkhaniyi ndi yaing'ono, ndi chibwana chabe. Mayi Zakia anamufunsa pamaso pa onse kuti, "Ubwerera, mwanangu?" Iye anagwedeza mutu, kuvomera. Akanatani? Mwamuna ali apa, amalume ali apo. Anabwerera. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, anakamupeza kuchipatala, mkono uli m'pulasitala, khutu limodzi silimvanso.

Mayi awa sanaloze chala amalume aja. Anati, "Ndinafunsa funso labwino pamalo oipa, chifukwa palibe anandiphunzitsa kafunsidwe." Ndiye anabwerera kusukulu, adzukulu ali nawo kale. Ankakwera minibasi kupita ku Blantyre, kukakhala m'kalasi ndi ana a msinkhu wa mwana wawo Sumaiya. Mayeso oyamba analephera. Ndi zoona mayi, musandiyang'ane choncho. Anabwereza. Che Atumani anaphunzira kuphika chaka chimenecho, ndipo ana akuti mpaka lero sanaiwale zimene ankadya.

Anabwerako ndi satifiketi ya uphungu, ndipo kagwiridwe ka ntchito kanasintha. Ankhoswe timawalandira mwaulemu. Timawapatsa mipando pansi pa mtengo wa mango uja, ndi tiyi womwe. Koma woyamba kulowa ndi mkazi yekha, chitseko chotseka. Kenako mwamuna yekha. Ankhoswe amalowa pomaliza. Anthu anakwiya, eee. Ankati mayiyu akupha mwambo. A Shehe ali apawa ndi amene anatithandiza kuuza anthu kuti mwambo ulipobe, tangosintha woyamba kulankhula.

Kusukulu kuja anaphunzira kufunsa mwanjira yoti munthu wamantha athe kuyankha. Anaphunzira kuzindikira nkhani imene siyofunika ulangizi koma apolisi. Anaphunzira kusunga chinsinsi ngakhale wofuna kumvayo akhale mlamu wawo. Komanso pepala limeneli lili ndi eni ake. Akalakwitsa, alipo owafunsa. N'chifukwa chake a khoti anavomera kumatitumizira mabanja.

Ndimamva ena akuti, pepala n'chiyani, bola mtima wabwino. Ndikamva zimenezi ndimapsa mtima. Mtima wabwino anali nawo tsiku limene anabweza Naima kwa mwamuna uja.

Mayi Zakia, zikomo. Ndikuyang'ana muno ndikuona anthu amene analekana, koma amakhalira benchi imodzi mwana wawo akamalandira mphoto kusukulu. Sindiwatchula, akudzidziwa. Mwayenda wapansi, pa kabaza, m'bwato, dzuwa la kuno likuotcha. Mwatukwanidwa ndi anthu amene pambuyo pake anakubweretserani utaka wokuthokozani. Mawondo anu atha chifukwa cha ife. Mulungu akubwezereni, chifukwa ife sitingathe.

Koma apa ndiye pondipweteka. Satifiketi muno ilipo imodzi, ndipo phwando likatha ikwera galimoto ndi eni ake kupita kwawo ku Nkope. Mayi awa akhala akupempha pamsonkhano uliwonse kuti wina apite kusukulu. Mnzathu Thandi anafunsira malo, ndipo kusukuluko anamutenga. Yankho la bodi pa nkhani ya fizi linali lakuti chaka cha mawa. Chaka chinacho, chaka cha mawanso. Mgwirizano wathu ndi khoti ukunena poyera kuti popanda mlangizi wa satifiketi sitiloledwa kulandira nkhani. Ndipo ngakhale akanatilola, ine Eduardo sindingakhale pampando uja. Ndimadziwa kulandira anthu ndi kuwapatsa madzi. Kafunsidwe kaja sindinaphunzire.

A wapampando, pepani. Ndikudziwa kuti ndi phwando. Koma ndikadikira mawa mudzati tikakambirane kumsonkhano.

Lero m'mawa tikuyala mipandoyi, panafika mayi wina ndi mwana kumsana. Sinditchula dzina lake kapena kumene wachokera. Ankafuna kuonana ndi Mayi Zakia. Inu mayi munali mudakali m'njira. Ndinamuuza kuti mwapuma pantchito, ndipo ayesere kubwera Lolemba. Iye anati, "Bambo, kunyumba ndanena kuti ndikupita kusikelo ndi mwana. Lolemba ndidzanena kuti chiyani?" Ndinamupempha kuti adikire pang'ono. Anati akachedwa akafunsidwa.

Mayi, khalani pansi. Ndakuonani mukufufuza nsapato pansi pa tebulo. Wapita kale. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndinamuuza kumene kuli apolisi ngati zavuta, ndipo anakwera minibasi. Ngati adzapeze njira yobwereranso, sindikudziwa kuti adzapeza ndani kuseri kwa chitseko chija. A wapampando, funso limenelo ndalisiya m'manja mwanu, pamaso pa anthu onsewa.

Mayi Zakia, nkhani imeneyi si yanunso. Ndi yathu. Pitani ku Nkope mukapume. Mukagone mpaka dzuwa litakwera. Adzukulu akakusokoseni, Che Atumani akakuphikireni, mukapirire. Foni ikalira kuchokera kuno, Sumaiya, usawapatse. Mbali yawo anaichita, ndipo anatichenjeza nthawi ilipo.

Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja mwamphamvu Mayi Zakia. Tonse tiimirire, kupatula inu mayi. Inu lero mukhale.