Dzina Lake Si Lojala

Zaka za m'ma 80 zija, ndisanamere imvi, ndinkagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nyuzipepala ku Spinney Hill, kuno kwa azungu, ya mwenye wina amene anakulira ku Limbe, ndipo Chichewa ankachilankhula kuposa inu nonse mwakhala apa. Ikani pansi mafoniwo, ndikulankhula ndi inu!

Magazini imene mukusekayo ine ndinaidziwa ikadali yopyapyala, ya amuna okondana ndi amuna anzawo. Inkabwera yokutidwa, ndipo bwanayo ankati, "Achimwene, ikani pa shelefu ya pamwamba." Wogula ankazungulira sitolo yonse ngati wataya singano, n'kutenga nyuzipepala, n'kubisa magaziniyo m'kati, maso ali pansi. Nthawi imeneyo matenda aja anali akupulula anthu, ndipo masamba a kumapeto ndi amene ankawauza chipatala chimene angapiteko osanyozedwa. Makasitomala ena ndinkangoona asiya kubwera. Koma lero ili mu supamaketi pafupi ndi magazini a zophikaphika, ndipo inu mukuiwerenga pafoni mutatambalala.

Tsono mwezi uno m'magaziniyo mwatuluka chithunzi cha Dalitso, mbale wanu, mwana wa mlongo wanga, ali ndi Martin, akulengeza ukwati wawo. Inu mwachitumiza pa gulupu ya banja, ena kuikapo tinkhope toseka, mpaka chafika ku Ntcheu. Mwandikwiyitsa, ndisakubisireni. Mayi ake akulira ku Derby, akuti Loweruka sapita ku ukwatiwo, chifukwa anthu a ku tchalitchi aona.

Aona chiyani chachilendo? Zaka zonsezi mlongo wangayo akamakamba za Martin amati "lojala wa Dalitso", ngati munthu wongochita lendi chipinda. Lojala! Pamene mlongo wangayo anathyoka mwendo pa chisanu chija, ankamutengera kuchipatala ndani? Lojala. Maliro a bambo ake a Dalitso, anaima pakhomo kulandira anthu, osamva ndi liwu limodzi la nyimbo zathu, anali ndani? Lojala yemweyo. Ife tonse tinkadziwa, koma mawuwo anali shelefu yathu ya pamwamba.

Dzana Dalitso anabwera kuno, anakhala pampando wakhalapo iwe Tadala. Anati, "Malume, ndinayamba kuwerenga magazini ija ndili ku sekondale, ndi imene inandiuza kuti sindili ndekha. Amayi akapanda kubwera, ine za pabanja pano ndasiya. Kodi inu mundiimira unkhoswe?"

Ndinamuuza kuti mwambo umenewu kwathu sindinauonepo, ndipo zina sindizimvetsa mpaka lero. Koma akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mwana wa mlongo wako sumutaya chifukwa cha pakamwa pa anthu. Unkhoswewo ndinavomera.

Ndiye m'mawa uno ndinamuimbira mlongo wanga. Ndinati, "Achemwali, Loweruka ndikutengani pa galimoto, mukaone mkamwini wanu." Iye anati, "Mwati chiyani?" Ndinabwereza, "Mkamwini." Sanavomere, koma foni sanadule, ndipo pomaliza anafunsa ngati kuholoko kumazizira.

Choncho ana inu, chithunzicho musachifufute, fufutani tinkhope tosekato. Chibale ndi fupa, sichiola. Loweruka muvale bwino, mufike msanga, ndipo mukamupatsa moni Martin mudzati alamu.