Mbuzi Yokokedwa Mchira

Tandiuzani, ana inu: ndi mbuzi yanji imadya udzu, kumwa petulo, koma siidzuka mpaka uikoke mchira? Ndi makina otchetchera kapinga! Amuna awiri osadziwana ankakambirana za makinawa pamzere wa kwa makaniko, mumsika wa ku Meknes. Wina, wosamalira kapinga, anayamba kudandaula, akutchula mnzakeyo mwaulemu kuti Sidi, ndiye kuti bambo.

"Akana kulira, Sidi. Ndakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Abwana afika Lachisanu, kapinga ali m'mawondo. Akangoona, ntchito yanga yatha."

"Ndiye mudikire mzere wonsewu, m'bale wanga? Bwera nawoni kuno. Ine injini ndimaipima ndi khutu lokha."

"Ndinu makaniko?"

"Amakaniko amafunsa ine! Pulagi mwatsuka?"

"Ndatsuka."

"Basi, injini yauma kukhosi. Botolo la mafuta ndili nalo m'thumbamu. Tsegulani ndithiremo."

Pomwepo makaniko anasuzumira pakhomo n'kuona wodzitama uja.

"Sidi Larbi! Makina anu aja atheka. Koma ndikamati mafuta, sindinena a azitona ayi. Titangoliza, shopu yonse fungo la ndiwo za tajini, anthu kubwera ndi buledi!"

Mzere wonse unafa nako kuseka. Wa kapinga uja anakumbatira makina ake.

"Sidi, botolo lanulo kathireni pa saladi. Ine ndidikira."