Mtondo Pakhomo Panga

Chaka chimene ndinabereka Yohane, msuweni wakoyu, ndinali ku chitengwa ku Nambuma, kutali ndi amayi anga, ndipo zimene wandiuza lerozi, Tadala, zoti khanda lako likalira umangoliyang'ana ngati la eni ake, ine ndinazidziwa iwe usanabadwe. Siya kaye kusoka fodyayo, sathawa. Ndine azakhali ako, sindinachoke ku Nsaru pa kabaza ndi msana uwu kudzaona chigafa.

Nditatuluka m'chikuta onse anali okondwa kupatula ine. Thupi linali bwino, mkaka unalipo, koma mtima unalemera, ndipo m'mawa ndinkamva anzanga akupita kudambo ine n'kumangoyang'ana tsindwi. Kusamba ndinasiya. Phala linkazizira pambali panga mpaka ntchentche. Choipitsitsa anali mawu a m'mutu mwangamu, osatopa, akuti ndiwe waulesi, mwanayu wapeza mayi wolakwika, anzako amabereka asanu n'kumalimabe. Si omwewo akukulankhula iwe, eti? Usazolike.

Malemu amuna anga, munthu wabwino koma wamantha, anaganiza kuti andilodza, nandimwetsa mizu yowawa, pomwe apongozi ankati ndi matama a mkazi wobwera. Dzina la matendawa panalibe ankalidziwa. Koma panali Nachisale, mlongo wa amuna angawo, mkazi wapakamwa posatseka.

Masiku amenewo akazi ankasinjira pansi pa mkuyu pakati pa mudzi, ndipo pamtondo ndi pamene munthu ankanena za kukhosi, moti ungaimbe zodandaula mwamuna wako kaya apongozi, palibe ankakuimba mlandu, poti ndi nyimbo. Tsiku lina m'mawa ndinamva chinthu chikugubuduzika, ndipo nditasuzumira ndinaona Nachisale ndi anzake awiri akuimika mtondo pakhomo panga penipeni.

"Alamu, tulukani. Mthunzi wa mkuyu watikwana."

"Ndikudwala," ndinayankha ndili m'kati.

"Eya, dwalirani kuno. Lichero silifuna miyendo."

Anandikhazika pamphasa nandipatsa lichero, wina n'kubereka mwana wangayo. Sanandifunse kanthu. Anangoyamba kusinja ndi kuimba, wina za mwamuna wake amene anapita ku esiteti osabwerako, wina za mwana amene anamuika m'manda dzinja lapitalo, ndipo Nachisale anaimba kuti iye atabereka woyamba ankakabisala m'munda wa chimanga kuti asamve kulira kwake. Nachisale yemweyo, woseketsa mudzi wonse. Ndinapeta misozi ikugwera m'mphale.

"Mwafulumira kuthira mchere, alamu," anatero, munsi osausiya.

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja, kufikira tsiku limene nanenso ndinaimba kuti ndine mayi wopanda pake, ndipo onse anavomera nyimboyo kuti nafenso, nafenso. Sindingakunamize kuti ndinachira pomwepo. Zinafika mpaka nthawi yokolola, ndipo masiku ena mdimawo unkabwerera, koma sunandipezenso ndili ndekha.

Lero mitondo inasanduka mipando, chimanga mumangotumiza kuchigayo pa njinga, ndipo iwe wakhala wekha m'chigafa muno, amuna ako ali kumunda, ukuona pafoni ana onenepa a anzako n'kumadziweruza. Unapita kusukulu, unamvapo kuti awa ndi matenda a maganizo, koma ukuopa kuti anthu azidzati wapenga, ndiye wapangana ndi mtima wako kuti mwanayu ukamusiye kwa amayi ako, iwe uzipita ku tauni kukafuna ntchito ya m'nyumba. Ukuti adzakula bwino iwe kulibe. Ndamva. Nanenso ndinkatero za Yohane, yemwe lero sagona asanandiimbire.

Ine ndatopa, mwanawe. Mphamvu zogubuduza mtondo ndilibenso, ndipo Nachisale tinamuika kalekale. Chimene ndingathe ndi ichi: ndikhala kuno mpaka fodyayu auma, ndipo tsiku la sikelo ya ana kuchipatala cha kwa Kabudula tipitira limodzi, ukawauze anamwino zonse monga wandiuzira ine, pakuti inu muli ndi chimene ife tinalibe, anthu odziwa kuthandiza pa zimenezi. Akakufunsa pakamwa n'kukuuma, ndidzayamba ine, iwe udzangovomera.

Mawu a m'mutuwo akayamba, uziwanena mokweza pali munthu wokumvera, chifukwa akatuluka kunja amachepa mphamvu. Za ku tauni tikambirana ukadya, ukasamba. Ukuti mwana wadzuka? Khala, ndimubereka ine, msanawu unazolowera. Iwe sendera kuno, undipatse singano inayo. Ine ndizisoka, iwe uzindipatsira masamba.