Mayeso Amagona M'nyumba

Jessie, mtsikana wa Folomu 4, ankachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu kwa Mwambo, ndipo ankakhala ndi galu wamkazi amene anamutola kudoko sabata ya mayeso oyeserera, n'kumutcha Mayeso. M'mawa wa tsiku lolemba Bayoloje, akumanga nsapato, anangoona khomo ladzaza: malume ake a Fanuelo, matope a kusikimu ya mpunga ya Likangala ali mbuu m'miyendo.

"Khala pansi," anatero malumewo.

"Malume, ndikuchedwa."

"Zamveka mpaka kumpunga. Akuti ukukhala ndi Mayeso. Zoona?"

"Zoona."

"Asa! Osakanako pang'ono?"

"Ndikane bwanji? Miyezi inayi tsopano."

A Fanuelo anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Unamupeza kuti?"

"Kudoko la Kachulu. Ankatola mitu ya matemba pansi."

"Pansi! Ngakhale bwato alibe?"

Jessie anaganiza kaye, poti sankafuna kunamiza munthu wamkulu. "Alibe."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Kudya ndi kugona basi. Nthawi zina amatsagana nane kusukulu, n'kumandidikira pansi pa mtengo."

"Aphunzitsi akuona?"

"A hedi amamuponyera mandasi."

"Dziko latha! Nanga amagona pati?"

"Poyamba pakhomo. Koma ankalira, ndiye ndinamulowetsa."

"Ankalira! Onse amalira, mwana iwe! Inenso ndinalira kwa azakhali ako!"

"Malume, Mayesotu ndi galu."

"Ndikudziwa kuti ndi galu! Wodya ndiwo za mwana wasukulu angakhale munthu?"

"Ndikutanthauza galu weniweni."

"Eya, weniweni! Wotheratu!"

Belu loyamba linalira kusukulu. Jessie anayesa kudutsa kumanzere, malume anatambasula mkono. Anayesa kumanja, anatchinga ndi pampu ya njinga.

"Malume, mayeso akundidikira!"

"Adikire! Ndathyola kale nsungwi yake panjira." Kenako anatsitsa mawu. "Undiuze chilungamo. Mimba ilipo?"

"Ilipo."

A Fanuelo anakhala pa ndowa mosayang'ana. Mwayi, inali yovundikira.

"Yayamba liti?"

"Yatsala masiku ochepa."

Anamuyang'ana Jessie pamimba, n'kupukuta m'maso, n'kuyang'ananso. "Ana a masiku ano mumabisa kumsana?"

"Alangizi a ziweto anagwiragwira, akuti angakhale ana sikisi."

"Sikisi! Ndipo chipatala chilipo, iwe n'kupita kwa a ziweto?"

"Kuchipatala akanatithamangitsa."

"Mayo ine! Ndikawauza chiyani mayi ako? Muitane! Muitane pompano!"

Jessie anaika zala ziwiri pakamwa n'kuimba mluzu.

"Mpaka mluzu," anadandaula a Fanuelo, akukweza nsungwi.

Pansi pa bedi panatuluka galu wofiirira, mimba ikukhudza pansi. Anayasamula, ananunkhiza matope a m'miyendo ya mlendo, n'kugona pamapazi pawo.

A Fanuelo anamuyang'anitsitsa galuyo, nsungwi ili m'mwamba.

"Uyu ndani?"

"Mayeso."

"Bwanji sunanene kuti ndi galu?"

"Ndinanena kawiri."

"Unanena mwamwano."

Belu lachiwiri linalira. Jessie anatola zolembera, misozi ili pafupi. "Akatseka chitseko, chaka chonse chapita. Komanso uyu akhoza kuswa lero. Usiku wathawu wang'amba kope langa la Bayoloje kuti agonepo."

A Fanuelo anadzuka msangamsanga. "Kwera njinga yanga, thamanga! Uyu ndimunyamula mudengu madzulo, akaswere kwathu. Iwe ulembe mwamtendere."

Jessie akukankha njinga, foni ya malume inalira. Anali akazi awo, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

"Mwamupeza Mayesoyo?"

"Ndamupeza, mayi," anayankha a Fanuelo mosangalala, akusisita galu kumutu. "Si mwamuna ayi, ndi wamkazi. Wofatsa bwino, wandizolowera kale. Ali ndi mimba, ndiye ndikubwera naye kunyumba, mukonze pogona."



Jessie anatembenuka, phazi lili pa pedulo. "Malume, auzeni kuti ndi galu!"

"Eya, mayi, ndayiwala. Ndi galu!"

"Mwana wa eni mumusiye," anatero mawu a mufoni. "Galu ndinu."