Ndinamuyankha Dokotala Mwaulemu

Aulutsi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndiye mukaona zilembo zikugwa, muzidzutse.

Ndinali mlonda pa kampaundi ina ku Al Waab, kuno ku Doha. Nthawi ya korona geti lachitsulo linandiphwanya dzanja lamanja, ndipo zala mpaka lero sizipinda. Mabwana anga anati chipukuta misozi chilipo, koma ndikaonekere kaye kwa madokotala oyeza kulumala. Tsiku lokumana nawo ndinalidikira mpaka ndevu zinaboola masiki, ndikulumbira.

Litakwana, dokotala wamkulu, bambo waimvi, anandifunsa m'Chingerezi kuti ndili bwanji. Inu mukudziwa, kwathu wamkulu sumulonjera ndi madandaulo. Ndinati, "Ndili bwino, bwana, kaya inu?" Ndinathokozanso. Iwo anamwetulira n'kunena kuti, "Khalasi," ndiye kuti zatha. Yankho linabwera loti ndinachira, mwiniwake wanena yekha.

Ndinachita apilo. Ndikapita kukafunsa amati "bukra," kutanthauza mawa. Mnzanga wogona naye chipinda anapita kumudzi, anakwatira, mwana wake akuyenda, koma apilo yanga sinayambe n'kukwawa komwe. Sindikuwonjezera.

Tsopano kontrakiti yatha, ndipo ndikakwera ndege palibe wotsatira nkhaniyi. Mkazi wanga pafoni akuti, "Abambo, ingobwerani, madzi osamba ndizikutungirani." Ndinaseka, koma nditadula foni ndinayang'ana dzanjali nthawi yaitali. Ndikubwerera ndi ulemu wanga wonse, dzanja ndasiya kuno.

Anzanga muli kunja, moni wa dokotala si moni. Akakufunsani, buulani.